Kufufuza nkhani za amayi ndi jenda mulaibulale ya yunivesite kuno ku Tete

Wophunzira wa chaka chomaliza amalowa mulaibulale nkuuza woyang'anira kuti, "Ndikufuna mabuku a jenda." Amamulozera shelefu. Pamenepo amapezapo mabuku atatu kapena anayi, lina lakale kwambiri, lina lokamba za ku Brasil, ndipo pasanathe theka la ola watuluka akudandaula kuti mulibe kanthu. Zotsatira zake zimaoneka pa tsiku loteteza monografia (ntchito ya kafukufuku yomalizira digiri): masamba 40 otoledwa pa Google, lamulo lomwe linasinthidwa kale likutchulidwa ngati likugwirabe ntchito, miyambo ya ku Gaza ikunenedwa ngati ya ku Angónia.

N'zoona kuti mabuku olembedwa "género" pachikuto ndi ochepa. Koma nkhani za amayi sizikhala pa shelefu imodzi. Zili m'mabuku a malamulo, a zaumoyo, a zaulimi, a maphunziro ndi a chikhalidwe, m'zinenero zosiyana, ndipo zina zabisala pansi pa mayina akale amene lero sitiwalembanso. Malangizo awa ndi a wophunzira wa ku UniPúnguè, wa ku UniZambeze (mumzinda wa Tete kapena ku Ulongué), wa ku UCM (Universidade Católica de Moçambique) kapena ISPT (Instituto Superior Politécnico de Tete), komanso mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'bungwe amene wapempha chilolezo chowerengera m'menemo.

## Zoyenera kunyamula

- Khadi lanu la wophunzira. Ngati simuli wa pasukulupo, tengani BI (chitupa cha unzika) ndi kalata yofotokoza chimene mukufufuza.
- Kope limodzi lolimba, la kafukufukuyu basi.
- Mapepala a A4 odula pakati, osachepera 30. Awa ndiwo makadi olembapo zomwe mwawerenga.
- Cholembera ndi pensulo.
- Foni yodzaza moto, chaja, ndi malo okwanira osungira zithunzi.
- Fulashi yosungira mafayilo.
- Ndalama zing'onozing'ono za fotokope.
- Dikishonale ya Chipwitikizi ndi Chingerezi, makamaka ya pafoni yogwira popanda intaneti.
- Chikalata cha faculdade yanu chonena kalembedwe ka monografia, kuti mudziwiretu ngati akufuna APA kapena ABNT (njira ziwiri zolembera magwero a zomwe mwawerenga).

M'malaibulale ambiri chikwama chimatsala pakhomo, choncho foni, ndalama ndi fulashi muziike m'thumba la chovala musanafike.

## 1. Chepetsani mutu mpaka usanduke funso

"Jenda ku Mozambique" si mutu wofufuzika, ndi nyanja. Musanapite ku laibulale lembani funso limodzi lokhala ndi miyendo inayi: ndani, chiyani, kuti, liti. Taonani zitsanzo izi.

- Kodi atsikana a sekondale a m'boma la Angónia amene anatenga pakati akupitiriza bwanji sukulu kuyambira 2018? (Chaka chimenecho ndi chomwe Despacho 39/GM/2003, imene inkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku, inathetsedwa.)
- Kodi amayi amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha migodi ya malasha ya ku Moatize anapeza bwanji minda ndi madzi?
- Kodi m'mabanja olima fodya ku Macanga, dzina lolembedwa pa kontrakiti ndi la ndani, wogwira ntchito m'munda ndani, wosunga ndalama ndani?

Funso lotere limakuuzani lokha mashelefu oyenera kupitako. Lachiwirilo, mwachitsanzo, likutumizani ku malamulo a malo, ku zaulimi ndi ku malipoti a migodi, osati ku shelefu ya jenda yokha.

Chenjezo: jenda si mawu ena otanthauza amayi. Ndi nkhani ya m'mene mudzi, mpingo, sukulu ndi boma zimagawira ntchito, chuma ndi mphamvu pakati pa amuna ndi akazi. Ngati funso lanu likungowerenga amayi osafunsa kuti amuna ali pati pa nkhani yomweyo, supervisor adzakubwezani, ndipo adzakhala akulondola.

## 2. Pangani tebulo la mawu ofufuzira

Apa ndi pamene kafukufuku ambiri amafera, ndiye musathamange. Kataloji kapena kompyuta sidziwa chimene muli nacho m'mutu, imangoyang'ana zilembo zomwe mwalemba. Tsegulani tsamba loyamba la kope, jambulani mizere itatu: Chichewa, Chipwitikizi, Chingerezi. Pa ganizo lililonse la m'funso lanu lembani mawu osachepera atatu.

- Ukwati wa ana: casamento prematuro, união prematura, casamento infantil, child marriage, early marriage.
- Chinamwali: ritos de iniciação, iniciação feminina, female initiation. Yesaninso chinamwali ndi cinamwali momwemo.
- Nkhanza za m'banja: violência doméstica, violência baseada no género, VBG, gender-based violence.
- Mbumba ndi chikamwini: matrilinear, matrilinhagem, residência uxorilocal, matrilocal, matriliny.
- Munda ndi chuma chamasiye: acesso à terra, DUAT (ufulu wogwiritsa ntchito malo), herança, viúva, reassentamento, land rights, inheritance, resettlement.

Kenako samalani kalembedwe. Kuno ndi ku Portugal timalemba género, a ku Brasil amalemba gênero, ndipo makataloji ena amaziona ngati mawu awiri osiyana. Ponena mtsikana ife timati rapariga, koma olemba a ku Brasil amapewa mawuwa chifukwa kwawo m'madera ena ndi achipongwe, amalemba menina kapena adolescente. Casamento infantil ndi mawu a ku Brasil. Mukafuna zolembedwa kuno, prematuro ndiye kiyi.

Mayina a mitundu yathu ndiye anasokonezedwa kwambiri. M'mabuku a nthawi ya Apwitikizi Achewa amalembedwa Cheuas, Chevas, Acheuas kapena Maraves. Chinyanja chimapezeka ngati Nianja, Nyanja kapena Cinyanja. Angoni amalembedwa Angoni, Angones kapena Ngoni. Ulongué ankatchedwa Vila Coutinho. Munthu amene walemba Chewa yekha m'bokosi lofufuzira akhoza kulumpha buku la António Rita-Ferreira la mu 1966, Os Cheuas da Macanga, lomwe likukamba za dera lathu lomwe lino. Lembani makalembedwe onsewa pa tebulo, ndipo mukakumana ndi lina powerenga, liwonjezereni tsiku lomwelo.

## 3. Lankhulani ndi woyang'anira laibulale

Perekani moni mwaulemu, muwaonetse funso lanu lolembedwa ndi tebulo la mawu, ndipo muwafunse zinthu zisanu izi: kataloji ili pa kompyuta, m'makadi kapena m'kaundula, mabuku anasanjidwa pa CDU kapena CDD (njira ziwiri zosanjira mabuku potsata manambala), ma monografia akale amasungidwa pati, sukulu ili ndi pasiwedi ya Research4Life (nkhokwe ya magazini a kafukufuku) kapena nkhokwe zina za pa intaneti, ndi mabuku ati obwerekeka, kwa masiku angati. Funsaninso ngati pali malipoti a mabungwe kapena mabuku a mphatso omwe sanalowe mu kataloji, chifukwa zolemba zambiri za jenda zimafika ngati timabuku topyapyala ndipo timasungidwa m'makatoni kapena m'kabati.

Pitani m'mawa, pakati pa sabata. Nyengo ya mayeso woyang'anira sakhala ndi mpata wokhala nanu.

## 4. Kuchokera pa kataloji kupita pa shelefu

Fufuzani kataloji ndi mawu amodzi kapena awiri pa nthawi, osati chiganizo chonse. Mukapeza buku, koperani cota yake yonse, manambala ndi zilembo zomwe zili pamsana pa buku, osasiya kadontho ngakhale kamodzi. Kenako pitani pa shelefu, ndipo musangotenga bukulo nkubwerera. Yang'anani mabuku 10 a kumanzere ndi 10 a kumanja, popeza mabuku a nkhani imodzi amagona moyandikana.

Ngati laibulale ikutsata CDD, yendani pa manambala awa: 305.3 ndi 305.4 (jenda ndi amayi), 306.8 (ukwati ndi banja), 346 (malamulo a banja ndi chuma chamasiye ali m'menemu), 362.8 (mavuto a m'mabanja, nkhanza zili pomwepa), 392 (miyambo ya kubadwa, kutha msinkhu ndi ukwati), 967.9 (mbiri ya Mozambique).

Ngati ikutsata CDU, yang'anani 305, komanso 396 chifukwa mabuku akale a nkhani za amayi anaikidwa pa nambala imeneyo. Onaninso 316 (sociologia), 347.6 (malamulo a banja ndi cholowa), 39 ndi 392 (miyambo). Mu CDU, (679) kumapeto kwa nambala imatanthauza Mozambique, ndipo -055.2 imatanthauza akazi. Mukaona zizindikiro ziwirizi pamsana pa buku la zaulimi kapena zaumoyo, litulutseni.

Chenjezo: buku mukalitulutsa musalibwezeretse pongoganizira. Lisiyeni pa tebulo kapena pamalo omwe anakonzera. Buku loikidwa pa shelefu yolakwika lili ngati lotayika kwa wina aliyense wobwera pambuyo panu.

## 5. Yesani buku kwa mphindi 10 musanaliwerenge

Onani chaka ndi malo amene linasindikizidwa, kuseri kwa tsamba la mutu. Werengani índice (mndandanda wa zamkatimu). Ngati kumapeto kuli índice remissivo (mndandanda wa mawu ndi masamba omwe akupezeka), fufuzanimo mawu a pa tebulo lanu. Werengani ndime ziwiri zoyamba za mawu oyamba ndi ziwiri zomaliza za mathero. Pomaliza yang'anani gawo lofotokoza m'mene kafukufuku anachitikira: anafunsa anthu angati, a m'boma liti, chaka chiti. Mukatero mudzadziwa ngati bukulo ndi loliwerenga lonse, lowerenga chaputala chimodzi, kapena lolisiya.

## 6. Ma monografia a amene anakutsogolerani

Pemphani ma monografia a zaka zisanu zapitazi okhudza mutu wofanana ndi wanu. Musawawerenge kuti mutengemo ziganizo. Tsegulani kumapeto, pa bibliografia, ndipo lembani mayina amene akubwerezedwa mu ntchito zitatu kapena kuposa. Pa nkhani za jenda m'dziko muno mudzakumana kawirikawiri ndi Isabel Casimiro, Conceição Osório, Teresa Cruz e Silva, Signe Arnfred ndi Kathleen Sheldon, komanso mabungwe a WLSA Moçambique ndi Fórum Mulher. Mayina amenewa muwabweretse ku kataloji ndi ku intaneti, mufufuze ntchito zenizenizo.

Phindu lina la monografia ndi gawo la njira yofufuzira. Limakuonetsani midzi ndi masukulu amene afunsidwa kale kangapo, kuti inu musapitenso kukatopetsa anthu omwewo ndi mafunso omwewo.

Chenjezo: monografia ndi ntchito ya wophunzira mnzanu, ikhoza kukhala ndi chaka cholakwika kapena mawu onamiziridwa kwa wolemba wina. Chilichonse chomwe mwachiona m'menemo, kachitsimikizeni ku gwero lake.

## 7. Malamulo ndi ziwerengero: pitani ku gwero

Lamulo musalitenge m'nyuzipepala kapena m'kapepala ka msonkhano. Gwero lake ndi Boletim da República, I Série, ndipo polemba mutchule nambala ya lamulo, chaka ndi artigo. Amene amafunika kawirikawiri ndi awa: artigo 36 ya Constituição, yonena kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo, Lei n.º 29/2009, ya nkhanza za m'banja zochitira amayi, Lei n.º 19/2019, yoletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, Lei n.º 22/2019, lamulo la banja latsopano, Lei n.º 23/2019, ya cholowa. Ndi Lei n.º 19/97, ya malo, yomwe imatchula amuna ndi akazi poyera ngati eni a DUAT ndipo imavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe.

Msampha waukulu uli pa lamulo la banja. Lei n.º 10/2004 inkalola kuti munthu wa zaka 16 akwatiwe kapena akwatire makolo akavomereza. Mpata umenewo unatsekedwa mu 2019. Buku losindikizidwa mu 2010 likufotokoza bwino lomwe lamulo la nthawi yake, koma inu mukalikopera ngati la lero mwalemba bodza. Pa lamulo lililonse funsani ngati linasinthidwa kapena kuchotsedwa. Mawu oti muwayang'ane ndi revogada ndi alterada.

Mayina a maunduna nawonso amasintha. Zikalata za zaka za m'mbuyo zili pansi pa Ministério da Mulher e da Acção Social, za kuyambira 2015 zili pansi pa Ministério do Género, Criança e Acção Social, ndipo mu 2025 dzinali linasinthanso. Fufuzani ndi mayina onse.

Pa ziwerengero, yambani ndi INE, bungwe la boma loona za ziwerengero. Kalembera wa 2017 amatsika mpaka pa boma, choncho ndiye wokuthandizani mukafuna chiwerengero cha akazi odziwa kuwerenga ku Tsangano kapena mabanja otsogozedwa ndi amayi ku Chifunde. Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wotchedwa IDS, yemwe anachitika mu 1997, 2003, 2011 ndi 2022 mpaka 2023, ali ndi zambiri pa ukwati, kulera, uchembere ndi zina, koma amalekeza pa chigawo, safika pa boma. Nambala yotchuka ija ya 48 pa 100 aliwonse ikuchokera mu IDS ya 2011, ndi ya dziko lonse, ndipo ikunena za akazi a zaka 20 mpaka 24 amene analowa m'banja asanakwane zaka 18. Si ya Tete yekha, si ya chaka chino, ndiponso si ya atsikana onse. Nthawi zonse mukamakopera nambala, koperaninso mutu wa tebulo, chaka, msinkhu wa anthu owerengedwawo ndi tsamba.

## 8. Gwiritsani ntchito intaneti ya pasukulu mwanzeru

Mamega a pafoni amatha msanga, ndiye konzani mndandanda wa zofufuza muli kunyumba, mukafika pasukulu muzingotsitsa, kuwerenga mukawerengere kwanu.

Mu Google Académico ikani mawu oyendera limodzi pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, motere: "uniões prematuras" Tete. Kuti mugwire makalembedwe awiri nthawi imodzi lembani OR m'zilembo zazikulu: Chewa OR Cheua matrilinear. Mu Google wamba, filetype:pdf imakubweretserani mafayilo a PDF okha. Mukapeza nkhani yabwino, dinani "Citado por" kuti muone amene anaigwiritsa ntchito pambuyo pake. Iyi ndiyo njira yachidule yochokera pa nkhani ya 2005 kufika pa ya zaka zaposachedwa.

Malo aulere oyenera kuwadziwa ndi awa. Nkhokwe ya pa intaneti ya Universidade Eduardo Mondlane ili ndi ma dissertação ndi ma tese a m'dziko muno. RCAAP imasonkhanitsa ntchito za mayunivesite a ku Portugal, kumene Amozambique ambiri anakachitira mestrado ndi doutoramento. Pa SciELO pali magazini a Revista Estudos Feministas ndi Cadernos Pagu, abwino pa maganizo ofotokozera jenda m'Chipwitikizi. Feminist Africa imawerengedwa ulere, ndipo AJOL ili ndi magazini ambiri a mu Africa, ena aulere ena ayi. Tsamba la WLSA Moçambique lili ndi mabuku awo ndi kalata yawo ya nkhani yotchedwa Outras Vozes. Amene akufufuza za kusamutsidwa kwa anthu ku Moatize apezako kafukufuku wa Osório ndi Cruz e Silva wa mu 2017 wokhudza amayi ndi atsikana a kumeneko. Mabuku a nthawi ya atsamunda ambiri anajambulidwa pa Memórias de África e do Oriente.

Nkhani ikafuna ndalama, musalipire msanga. Yesani pasiwedi ya Research4Life ngati sukulu yanu inalembetsa, tsegulani akaunti yaulere ya JSTOR (nkhokwe ina ya magazini) yowerengera pa intaneti, dinani "Todas as versões" mu Google Académico, kapena lemberani wolembayo kalata yaifupi yaulemu. Ambiri amatumiza.

Fayilo iliyonse ipatseni dzina nthawi yomweyo: dzina la wolemba, chaka, mawu amodzi a mutu. Sungani pa fulashi ndi pa imelo yanu. Makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri amakhala ndi mavairasi, ndipo fulashi yokha si nkhokwe yodalirika.

## 9. Funsani kuti analemba ndani, za kuti, chifukwa chiyani

Pa nkhani za jenda, kuwerenga kopanda mafunso kumasocheretsa kuposa kusowa kwa mabuku.

Choyamba ndi dera. Kafukufuku wambiri wa m'dziko muno anachitikira ku Maputo ndi ku Gaza, kumene mtundu umatsata kuchimuna ndipo lobolo ndiye msana wa ukwati. Kwa Achewa a kumpoto kwa Zambezi ana ndi a mbumba ya amayi awo, atsibweni ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo, mwamuna amatha kukakhala pachikamwini, ndipo chitengwa chimachita kupemphedwa. Mabanja ambiri a Chingoni amatsata kuchimuna ndi malowolo, ndipo m'midzi yambiri ya ku Angónia miyambo iwiriyi inasakanikirana. Mukatenga chiganizo chonena kuti "mkazi wa ku Mozambique amasamukira kwa mwamuna ndipo alibe munda" nkuchiika pa mudzi wa ku Furancungo, mwafafaniza chinthu chomwe chikanapatsa ntchito yanu phindu. Koma musagwerenso mbali inayo, yonena kuti pachikamwini mkazi ndiye mwini zonse. Munda ukhoza kukhala wa mbumba, pamene ndalama ya fodya kapena ya mbatatesi ili m'thumba la mwamuna, ndipo mlandu ukuweruzidwa ndi ankhoswe ndi mfumu. Ntchito yanu ndi kuonetsa kuti mphamvu ili pati pa chinthu chilichonse.

Chachiwiri ndi nthawi ndi wolemba. Mabuku a nthawi ya atsamunda analembedwa kwambiri ndi amuna, akuluakulu a boma ndi amishoni, amene ankafunsa mafumu ndi madoda kudzera mwa womasulira. Ali ndi zambiri zothandiza pa mayina, mafuko ndi kagawidwe ka malo, koma pa chinamwali kapena uchembere nthawi zambiri mukumva mawu a mwamuna wonena zomwe sanalowemo. Zolemba za zaka zoyamba za ufulu zili ndi mzimu wina: OMM, nthambi ya amayi ya Frelimo yomwe inakhazikitsidwa mu 1973, inkalimbana ndi lobolo, mitala ndi chinamwali ngati zinthu zobwezeretsa mkazi m'mbuyo, ndipo nkhanizi zinakambidwa kwambiri pa msonkhano wake wapadera wa mu 1984. Arnfred analemba za mkangano umenewo ndi m'mene amayi a kumpoto ankatetezera miyambo ina. Malipoti a mabungwe a lero nawonso ali ndi cholinga, kawirikawiri chofuna kusintha lamulo kapena kupeza thandizo. Zimenezi siziwachotsa phindu, koma muziwerenga gawo la njira yofufuzira musanakhulupirire nambala.

Chachitatu ndi malire a mayiko. Zolembedwa za Achewa ndi Angoni a ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe ndi kum'mawa kwa Zambia ndi zambiri kuposa za mbali yathu ino, ndipo ntchito ya Isabel Apawo Phiri yokhudza amayi a Chichewa ndi mpingo imathandiza kumvetsa chinamwali ndi chilangizo. Zigwiritseni ntchito pa miyambo, popeza abale ndi amodzi. Koma pa malamulo, sukulu, zipatala ndi kagawidwe ka malo, Malawi ndi dziko lina. Lembani poyera kuti umboni uwu ndi wa tsidya lina la malire.

## 10. Lembani khadi pa chilichonse chomwe mwawerenga

Khadi limodzi, gwero limodzi. Pamwamba lembani dzina la wolemba, chaka, mutu, mzinda, wosindikiza, cota ndi laibulale yomwe mwalipeza. Ngati ndi nkhani ya m'magazini, onjezerani volume, nambala ndi masamba. Ngati ndi ya pa intaneti, adiresi yake ndi tsiku lomwe mwaitsegula. Pakati lembani mfundo yaikulu m'mawu anuanu, buku litatsekedwa. Mawu amene mwakopera ndendende muwaike pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, ndi nambala ya tsamba pambali. Pansi, ndi pensulo, lembani ganizo lanu: zikugwirizana bwanji ndi funso langa, zikutsutsana ndi ndani.

Kusiyanitsa cholembera ndi pensulo kumaoneka kwachabe, koma pakatha miyezi inayi simudzakumbukiranso kuti chiganizo ichi ndi chanu kapena cha wolemba, ndipo plágio (kuba mawu a wolemba wina) yambiri imayambira pomwepo.

Mukamajambula ndi foni, yambani ndi chikuto ndi tsamba la ficha técnica, kenako masamba omwe mukufuna, nambala ya tsamba ikuoneka. Funsani kaye ngati kujambula n'kololedwa, makamaka pa ma monografia. Mukamasulira nokha mawu a Chingerezi kupita m'Chipwitikizi, lembani "tradução nossa". Amene ali ndi kompyuta aike Zotero, ndi yaulere ndipo imasanja bibliografia yokha, ngakhale muyenera kuionanso ndi maso.

## 11. Pamene mashelefu athera

Mukaona kuti mabuku atsopano akungokubwezerani ku mayina omwe muli nawo kale, kuwerenga kwakwana. Lembani tsamba limodzi la zomwe zadziwika ndi theka la tsamba la zomwe palibe analemba za dera lanu, mupite nazo kwa supervisor. Yesaninso Biblioteca Pública Provincial ndi malaibulale a masukulu ena a mumzinda. Za m'boma lanu zenizeni, monga chiwerengero cha atsikana osiya sukulu, zili ku maofesi a boma a zamaphunziro, a zaumoyo kapena ku Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência, ndipo kumeneko simulowa popanda credencial (kalata yokuperekezani) ya faculdade. Ipempheni msanga chifukwa kusainidwa kumatenga masiku.

Ngati mudzafunsa anthu, yambani mwaonekera kwa mfumu ndi akuluakulu a dera. Fotokozani cholinga m'chinenero chawo, pemphani chilolezo, ndipo pa mwana wosakwana zaka 18 pafunikanso chilolezo cha kholo kapena womulera. Mayina enieni asalowe mu monografia, ngakhale chizindikiro chomwe chingaulule munthu m'mudzi waung'ono. Anamkungwi akakana kunena za m'tsimba, lemekezani. Funso lanu la kafukufuku likhoza kuyankhidwa popanda kuulula mwambo. Ndipo musanafunse za nkhanza, dziwiranitu kumene mungalozere munthu wofuna thandizo. Pa nkhani za ana, nambala ya Linha Fala Criança ndi 116.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kufufuza ndi mawu amodzi. Kulemba género kokha nkuleka. Bwererani ku tebulo la pa gawo 2, muyese mawu onse, m'zinenero zonse.

Kutchula buku lomwe simunaligwire. Ngati ganizo la Casimiro mwaliona mu ntchito ya wina, fufuzani buku lenilenilo. Likakanika kupezeka, lembani apud (kutanthauza "wotchulidwa ndi") ndi kutchula amene mwamuwerengadi. Oyesa amakonda kufunsa kuti, "Tsamba limeneli munaliwerenga kuti?"

Kudzaza chaputala chonse ndi matanthauzo a jenda ochokera kunja. Matanthauzo awiri kapena atatu akwana, kenako sankhani limodzi ndi kunena chifukwa chake likuyenera mudzi kapena sukulu yomwe mukufufuza.

Kukhulupirira mabuku otchulidwa ndi mapulogalamu ocheza nawo pa intaneti. Mapulogalamuwa amatha kupeka mutu wa buku, chaka ndi tsamba, nkuziphatika pa dzina la wolemba weniweni. Gwero lomwe silikupezeka mu kataloji, mu Google Académico kapena pa tsamba la wosindikiza lisalowe mu bibliografia.

Kusakaniza msinkhu pa ziwerengero. Tebulo lina likunena za zaka 15 mpaka 19, lina 20 mpaka 24, lina 15 mpaka 49. Kuziika pamzere umodzi nkunena kuti vuto lakwera kapena latsika ndi kulakwitsa.

Kusiya bibliografia mpaka sabata yomaliza. Nthawi imeneyo buku lomwe mukufuna kuonamo chaka limakhala litabwerekedwa ndi wina. Lembani gwero lililonse m'kalembedwe ka APA kapena ABNT tsiku lomwe mwaliwerenga, ndipo Lachisanu lililonse yerekezani makadi anu ndi mndandandawo kuti muone ngati palibe lomwe latsala.